Funso: kabokosi ka magemu akale kamene ndamanga ndekha kakukana kukhota pa Pac-Man

Wofunsa:

Akuluakulu nonse a pa gulu lino, ndikupempha nzeru kwa inu amene munamangapo timabokosi ta magemu akale, tija timabwera zidutswazidutswa m'katoni kuti munthu alumikize yekha. Ine ndinagula kamodzi kuti timange ndi mwana wanga wa zaka 11, ndipo tinakamaliza titagwira ntchito madzulo atatu. M'katonimo munali matabwa a MDF (a utuchi wopanikizidwa) odulidwa kale, sikirini ya mainchesi 8, ndodo yoyendetsera, mabatani 6 apamwamba ndi ena 4 a m'mbali, sipika imodzi, kabolodi kolumikizira mawaya a mabatani ku USB, ndiponso kathumba ka masikuluwu. Kakompyuta kake, Raspberry Pi 4, ndinali nako kale, ndipo pa memori khadi ndinaikapo RetroPie, pulogalamu yoseweretsa magemu akale.

Kabokosiko kakuyaka, ndipo Street Fighter II ikuyenda bwino kwambiri moti sindingaidandaule. Vuto lili pa magemu amene ndinakagulira, makamaka Pac-Man ndi Donkey Kong. Mwanayo akafika pa mphambano n'kukankhira ndodo m'mwamba, nthawi zina Pac-Man amangopitirira kumanja ngati sanamve, mpaka kukagwera m'kamwa mwa mzukwa, ndipo zikatero mwanayo amachotsa dzanja pa ndodo n'kundiyang'ana ngati ndine ndinasokoneza mawaya. Pa Donkey Kong, munthu uja amaima chilili patsinde pa makwerero mgolo ukubwera. Sizichitika nthawi zonse, koma zimachitika mokwanira kuti gemu isakome.

Palinso zinthu ziwiri zimene sindikudziwa ngati zikugwirizana ndi vutoli. Pakona ya sikirini pamatuluka kachizindikiro ka mphezi, makamaka tikakweza mawu, ndipo sipika imayamba kulira mothetheka. China n'chakuti thabwa la kumbuyo linang'aluka m'mphepete pamene ndinkamanga sikuluwu yomaliza. Maganizo anga ndi akuti kakompyutako kakuchepa mphamvu, choncho ndikufuna kugula Raspberry Pi 5. Ndisanatero, kodi alipo amene anakumanapo ndi zoterezi?

Woyankha woyamba:

Achimwene, yambani mwaonanso mawaya. Pa kaswichi kalikonse pamakhala timiyendo tolembedwa COM, NO ndi NC, ndipo waya wa batani uyenera kukhala pa NO. Onaninso waya wakuda uja amene amadutsa pa maswichi onse, chifukwa akakhwepa pamalo amodzi, onse otsatira amachita ngati akudwala.

Wofunsa:

Zikomo achimwene. Mawayawo ndawayesa limodzilimodzi pa tsamba loyesera mabatani, ndipo mbali zonse zinayi zikuyankha ndikakankha payokhapayokha.

Woyankha wachiwiri:

Bambo, musagule kanthu kaye, chifukwa zimene mwafotokozazi zikuloza ku ndodo, osati ku kakompyuta. Pac-Man inatuluka mu 1980 kuchokera ku Namco, ndipo makina ake ankayendera purosesa ya Z80 ya liwiro longopitirira pang'ono 3 MHz, pamene Raspberry Pi 4 yanuyo ili ndi purosesa ya mitima inayi yothamanga pa 1.5 GHz. Ngati ikukwanitsa Street Fighter II ya mu 1991, imene ndi yolemera kwambiri kuposa Pac-Man, sizingatheke kuti ilephere kukhotetsa kanthu kachikasu kaja chifukwa chochepa mphamvu.

Tembenuzani thabwa la mabatani muone kunsi kwa ndodo. Mupeza timaswichi tinayi tozungulira mtengo wa ndodoyo, ndipo pansi pake pali kambale ka pulasitiki kokhala ndi bowo la ngodya zinayi, kamene kamalamula kumene ndodo ingafike. Makatoni ambiri otere amabwera kambaleko katayikidwa moti ndodo ifike mbali 8, ndiye kuti m'mwamba, pansi, kumanzere, kumanja, ndi m'makona anayi. Ndodo ikalowa m'kona, timaswichi tiwiri timadinidwa nthawi imodzi. Magemu omenyana amafuna zimenezo, chifukwa kudumphira kutsogolo ndi kuponya moto kuja kumadalira makona, n'chifukwa chake Street Fighter II ikukukomerani.

Koma makina enieni a Pac-Man ndi a Donkey Kong, ya Nintendo ya mu 1981, anali ndi ndodo ya mbali 4 zokha, yopangidwa moti timaswichi tiwiri tisadinidwe pamodzi. Amene analemba magemuwo sanakonzekere kulandira "kumanja" ndi "m'mwamba" nthawi imodzi. Tsono mwana wanu akamachoka kumanja kupita m'mwamba, dzanja lake silibwerera pakati, limangotsetsereka m'mphepete mwa bowolo n'kudutsa pakona, ndipo kakanthawi kameneko gemu imalandira mauthenga awiri, n'kusankha umene iye sakufuna kapena kungoima. Pa tsamba loyesera simungazione, chifukwa kumeneko mumakankha modekha, mbali imodzi panthawi. Mukafuna umboni, muuzeni asewere akubwezera ndodo pakati asanakhote kulikonse, ndipo muona kuti vutolo lichepa kwambiri.

Pa ndodo za Sanwa JLF, ndi zina zambiri zopangidwa motengera imeneyo, chapakati cha kambaleko chimazungulira. Mumachotsa kambaleko potsegula timano tinayi timene timakagwira, kenako mumakankha chapakaticho n'kuchitembenuza madigiri 45, kuti ngodya za bowo ziloze m'mwamba, pansi, kumanzere ndi kumanja. Ikatero ndodo imagwera yokha m'ngodya imodzi ndipo singafike pamene timaswichi tiwiri timakumana. Ndi ntchito ya mphindi zochepa, koma chitani modekha chifukwa timanoto timathyoka.

Wofunsa:

Mwanditsegula maso, bambo. Koma ndikatembenuza chomwecho, kodi Street Fighter II ija siiwonongeka?

Woyankha wachiwiri:

Iwonongekadi, ndipo pamenepa m'pamene pali chosankha chenicheni, chimene ogulitsa makatoniwa satchula kawirikawiri akamalemba kuti kabokosi kamodzi kamasewera magemu zikwizikwi. Makina akale aja ankamangidwa kuti aliwonse atumikire gemu yake, ndodo yake ndi sikirini yake, ndipo ife tikuyesa kuwapanikiza onse m'kabokosi kokwana pa tebulo. Njira zilipo zingapo. Mungasiye ndodo pa mbali 8 n'kutsegula magemu akalewo ndi mame2003-plus, mtundu umodzi wa MAME (pulogalamu yotsanzira makina akale a magemu), imene m'makonzedwe ake muli posankha kuti ndodo ya mbali 8 izichita ngati ya mbali 4. Zimathandiza ndithu, ngakhale kuti dzanja silimva ngodya monga limamvera pa kambale kotembenuzidwa. Dziwani kuti mafayilo a magemu ayenera kugwirizana ndi mtundu wa MAME umene mukugwiritsa ntchito, apo ayi gemu imangothima n'kubwerera pa mndandanda. Ziliponso ndodo zosinthira pamwamba osatsegula bokosi, monga Mag-Stik Plus ya Ultimarc, koma yezani kaye kuya kwa malo a pansi pa thabwa lanu, chifukwa timabokosi tating'ono timakhala topanikizika. Ine kwanga ndinangosankha mbali 4, popeza magemu amene ndimabwererako nthawi zonse ndi a zaka za m'ma 1980 kuchiyambi, ndipo omenyanawo ndimasewera ndi padi ya USB, kachipangizo kosewerera kogwira m'manja, imene ndimalumikiza kumbuyo.

Woyankha wachitatu:

Ine ndiyankhapo za mphezi yokha. Kachizindikiro kameneko kamatuluka magetsi olowa mu Raspberry Pi akatsika kufika cha m'ma 4.63 V, ndipo zikatero kakompyutako kamadzichepetsera liwiro kuti kasazime. Raspberry Pi 4 imafuna chaja ya USB-C yopereka 5.1 V ndi 3 A. Kodi inu mukugwiritsa ntchito chaja yanji, ndipo sikirini ndi sipika zikutenga moto kuti? Ndafunsa chifukwa madoko onse anayi a USB pamodzi amapereka pafupifupi 1.2 A basi, ndipo mukakweza mawu, kokuzira mawu kamakoka moto wambiri mwadzidzidzi, zomwe zikugwirizana ndi kuthetheka mwanenako. Lembani lamulo lakuti vcgencmd get_throttled pa kakompyutako mutasewera kwa kanthawi. Ikayankha 0x0 ndiye kuti zonse zili bwino, koma ikapereka nambala ina, vuto la moto kapena la kutentha lachitikapo. Musalekerere zimenezi, chifukwa moto wosakhazikika umawononga zolembedwa pa memori khadi, monganso kuzimitsa pongozula chingwe kukhoma.

Wofunsa:

Mayi, ndivomere kuti ndikugwiritsa ntchito chaja yakale ya foni yolembedwa 2 A, ndi chingwe chachitali chopyapyala, ndipo sikirini ndi sipika zonse zikuyamwa pa USB ya kakompyutako.

Woyankha wachinayi:

Ndiwonjezere pa nkhani ya Raspberry Pi 5, poti mwina mtima udakali komweko. Imene ija, yotuluka mu 2023, ilibe kabowo ka 3.5 mm kotulutsira mawu, choncho ngati sipika yanu imalumikizidwa pamenepo mudzafunikanso kachipangizo kena. Chaja yake yovomerezeka ndi ya 5 A, ndipo imatentha kwambiri moti m'bokosi lotsekeka la matabwa imafuna fani. Ngakhale Pi 4 yanuyo imayamba kudzichepetsera liwiro ikafika madigiri 80, choncho onani ngati thabwa la kumbuyo lili ndi mabowo otulutsira mpweya.

Za thabwa long'alukalo musadandaule. MDF ndi utuchi wopanikizidwa ndi guluu, ndipo imagawanika mosavuta sikuluwu ikalowa m'mphepete popanda kuboola kaye kabowo kotsogolera. Chotsani sikuluwuyo, thirani guluu wa matabwa mu mng'aluwo, panikizani ndi chopanira usiku wonse, ndipo m'mawa muboole kabowo kocheperako pang'ono kuposa sikuluwu musanaimangenso ndi dzanja, osati ndi dirilo. Guluu wotuluka mupukute ndi kansalu kofinyidwa bwino, chifukwa MDF ikamwa madzi imafufuma ndipo sibwereranso.

Wofunsa:

Ndabweranso kudzathokoza nonse. Kambale kaja ndakatembenuza, ngakhale kuti kanandivuta kutsegula mpaka ndinachita kutokosa ndi sikuludiraiva yaing'ono, ndipo mwanayo wadutsa magawo atatu a Pac-Man osaphonya mphambano ndi imodzi yomwe. Nditasintha chaja n'kupatsa sikirini moto wakewake, mphezi ija sinaonekenso, ndipo lamulo lija likuyankha 0x0. Thabwa lili pa chopanira mpaka mawa.

Tsopano ndaona chinthu china chimene poyamba sindinachilabadire. Pac-Man, Donkey Kong ndi Galaga zonse zinapangidwira sikirini yoimirira, ndiye pa sikirini yanga yogona chithunzi chikukhala chaching'ono pakati, m'mbali muli mizere yakuda iwiri ikuluikulu. Popeza ndodo ndaipereka kale ku magemu amenewa, ndikuganiza zoimiritsanso sikiriniyo, koma zikutanthauza kudula thabwa latsopano la kutsogolo. Kodi alipo amene anachitapo zimenezi pa kabokosi ka mainchesi 8, ndipo chingwe cha HDMI chinakwana m'mbalimo popanda kupindika?