Ndithandizeni: ndine admin wa gulu la kumudzi ndipo akuti apolisi akundifuna

Membala wobisa dzina

Ndikupereka moni kwa nonse a m'gulu lino, ndipo mundikhululukire kuti ndabisa dzina langa, chifukwa ambiri a kwathu ali momwe muno. Ine ndine telala, ndimakhala ku Lilongwe koma kwathu ndi ku Dedza. Zaka zitatu zapitazo tinatsegula gulu la WhatsApp la anthu a m'mudzi mwathu kuti tizidziwitsana za maliro, za msonkhamsonkha wokonzera mjigo ndi za mitengo ya feteleza. Anandisankha kukhala admin chifukwa chakuti panthawiyo ndine ndekha amene ndinali ndi foni yaikulu. Foniyo anandigulira mlamu wanga wa ku Johannesburg, amene mpaka lero amandikumbutsa za mphatsoyo pamaso pa anthu, ngakhale kuti inafika ili yosweka kale pakona.

Sabata yatha m'gulumo munalowa uthenga wa mawu wotalika mphindi zinayi, wonena kuti khansala wa dera lathu anadya ndalama zomangira mlatho umene unakokoloka ndi madzi. Uthengawo wafalikira kwambiri moti mkazi wanga anaumva mu minibasi ukulira pa foni ya munthu amene sakumudziwa n'komwe. Dzulo madzulo ndinalandira foni kuchokera kwa munthu amene anati ndi wapolisi ndipo akufuna admin wa gululo, ndipo chilandirireni foniyo nsima sikulowa. Msuweni wanga, amene anali admin mnzanga, watuluka m'gulumo osatsanzika, pomwe sanamalize kundilipira K35,000 ya suti imene ndinamusokera pa ukwati wake. Bandulo yoyendetsera gululi ndimagula ndekha mwezi ndi mwezi, ndipo palibe amene anandithokozapo ngakhale tsiku limodzi. Mkazi wanga akungobwereza kuti anandichenjeza kale. Kodi ndifufute gululi, kapena nditaye simu n'kugula ina? Kodi admin angamangidwe?

Mayi a Tadala

Pepani kwambiri bambo ndi zimene zakugweranizi. Koma mwatiuza za suti, za mlamu wanu ndi za bandulo, pomwe simunatiuze zinthu ziwiri zimene zili mutu wa nkhaniyi. Kodi mawu amene ali mu uthengawo ndi a ndani, ndipo anauponya m'gulumo ndani? Komanso munthu amene anakuimbiraniyo ananena kuti muchite chiyani?

Mboni ya 1992

Ana a masiku ano mumachita mantha ndi mthunzi wanu womwe. Ine ndinali kalaliki ku Blantyre m'mwezi wa Malichi 1992, pamene kalata ya maepisikopi a Katolika yodzudzula boma inawerengedwa m'matchalitchi, ndipo boma la Kamuzu Banda linalamula kuti aliyense wopezeka nayo amangidwe. Tinalibe WhatsApp, tinalibe ngakhale wailesi ya kanema ya dziko lino, imene inadzayamba mu 1999. Tinali ndi fakisi ndi makina a fotokope basi. Ndinkapinda makalata kanayi n'kuwabisa mu sokosi, n'kukwera basi ndikudziwa bwino lomwe kuti a Payoniya akandisecha ndikagona kumene sindikudziwa. Mapepala amenewo ndi amene anatifikitsa pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Tsono inu mukufuna kufufuta gulu chifukwa cha khansala mmodzi? Ngati mlatho sunamangidwe, funso ndi lakuti ndalama zinapita kuti, osati kuti wayankhula ndani. Musafufute kanthu, ndipo uthengawo munditumizire ndiumve.

Wokonza Mafoni ku Limbe

Bambo, kutaya simu sikungakuthandizeni. Kuyambira mu 2018 simu iliyonse imalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, choncho nambala yanu yakale idzakhalabe ndi dzina lanu ngakhale mutaiponya m'chimbudzi. Kufufuta gulu nakonso n'kudzinamiza, chifukwa uthengawo uli kale m'mafoni a anthu onse amene anautsegula. Chimene mungachite lero ndi kulowa pa dzina la gululo, kupita pa zilolezo, ndi kusintha kuti ma admin okha ndiwo azitha kulemba mpaka nkhaniyi itazizira. Musanatero, jambulani screenshot yoonetsa nambala imene inaponya uthengawo, tsiku ndi nthawi yake. Muonenso ngati pamwamba pake pali timivi tiwiri tosonyeza kuti unatumizidwa kambirimbiri, chifukwa zimenezo zimaonetsa kuti sunabadwire m'gulu lanu.

Mboni ya 1992

Achimwene a ku Limbe, zimene mukuphunzitsazo ndi zomwe a Censorship Board ankachita m'nthawi yathu, kutseka anthu pakamwa kuti olamula okha ndiwo aziyankhula. Ndipo musawanamize bambowa, chifukwa boma limamva zonse zimene timayankhula pa foni. Mwaiwala makina aja a MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi mawailesi, amene anthu anawatcha spy machine m'nthawi ya Bingu wa Mutharika, amene anakokanirana nawo kukhoti zaka zambirimbiri? Mwaiwala kuti pa zionetsero za pa 20 Julaye 2011 mawailesi analetsedwa kuulutsa zimene zinkachitika m'misewu? Boma lililonse, kaya ndi la chipani chiti, likalowa limakonda makina amene linkawanyoza lili kunja.

Wokonza Mafoni ku Limbe

Akuluakulu, ndikukulemekezani, koma mukusakaniza zinthu. Mauthenga a WhatsApp amakhala otsekeredwa kuchokera pa foni ya wotumiza mpaka pa foni ya wolandira, moti kampani ya netiweki imangoona kuti mwagwiritsa ntchito bandulo koma siingamve mawuwo. Anthu amene amagwidwa sagwidwa ndi makina ayi, amagwidwa ndi mnansi wawo wa m'gulu momwemo amene wajambula screenshot n'kukaipereka kwa mwini nkhani. Pa benchi yanga ndimaona mafoni ambiri tsiku lililonse, ndipo ambiri mwa iwo alibe ndi loko yomwe.

Amayi a Geni ya Tomato

Ine ndingofotokoza zimene zinandichitikira chaka chatha. Ndili pamsika, munthu anandiimbira modzichepetsa kwambiri, nati ndi wapolisi ndipo mwana wanga wagwidwa m'tauni, koma nkhaniyo ikhoza kuthera pomwepo ndikatumiza K60,000. Anatchula dzina la mwanayo ndi la sukulu yake molondola. Ndinathamangira kwa ejenti ndi ndalama za mpamba wa geni yanga, ndipo nditangotumiza foni ija inazima. Nditafika kunyumba ndinapeza mwanayo akukazinga chimanga pa mbaula, sakudziwa chilichonse. Ndinakhala miyezi itatu ndikuoda tomato pangongole. Mpaka lero apongozi anga amati ndalamazo ndinapatsa chibwenzi, ndipo mawu amenewo amandipweteka kuposa ndalama zimene zinapitazo.

Nangozo wa ku Leeds

Vuto la magulu a kumudzi ndi limeneli. Ife amene tili kunja mumatilowetsa m'magulu amenewa osatipempha, ndipo timangokumbukiridwa pakagwa maliro kapena mjigo ukathyoka. Ndikaweruka ku ntchito ya usiku ndimapeza mauthenga mazana awiri, theka lake ndi zithunzi za maluwa zofunira anthu tsiku labwino. Komanso bambo inu, si bwino kunyoza mlamu wanu pagulu chonchi. Munthu amene anagwira ntchito m'dziko la eni n'kukugulirani foni ayenera kuthokozedwa, ngakhale foniyo itakhala yosweka pakona.

Wa Kabaza Wophunzira

Ine ndikuona kuti mlandu waukulu pano ndi wa suti. Ndikupempha kuti apolisiwo akamabwera adzere kaye kwa msuweniyo, alande jekete ngati chikole, thalauza amusiyire chifukwa cha ulemu.

Membala wobisa dzina

Zikomo nonse chifukwa cha mayankho anu. Mayi a ku Leeds, sindikunyoza mlamu wanga, koma mudziwe kuti batire la foniyo ndasinthitsa kawiri ndi ndalama zanga, ndipo kwathu kuno magetsi akazima ndimakalipira tchaji kumsika. Za msuweni wanga ndamva kuti akuuza anthu kuti sutiyo inali yothina m'khwapa, zomwe ndi bodza, chifukwa ndinamuyeza kawiri. Ndayesa kutseka gulu monga mwanenera achimwene a ku Limbe, koma a mfumu andiimbira kudandaula kuti akulephera kulengeza za maliro a mawa, choncho ndatsegulanso.

Wophunzira Malamulo

Bambo, sindine loya panobe, choncho zimene ndilembe pano zingokuthandizani poyambira. Lamulo limene apolisi amagwiritsa ntchito kawirikawiri pa nkhani zotere ndi Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, makamaka gawo 86 lokhudza kuzunza munthu kudzera pa intaneti ndi gawo 87 lokhudza mauthenga onyoza osokoneza mtendere wa wina. Anthu amangidwapo ndithu ndi lamuloli, monga namwino wina wa ku Ntcheu amene anamangidwa mu Meyi 2022 chifukwa cha zimene analemba pa gulu la WhatsApp zokhudza mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, Lazarus Chakwera. Komabe mu Julaye 2025 khoti linagamula kuti gawo 200 la Penal Code, limene linkachititsa kuti kuipitsa mbiri ya munthu kukhale mlandu woti n'kumangidwa nawo, likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Zimenezi sizikuletsa khansalayo kusumira munthu kukhoti kuti amulipire chipukutamisozi. Magawo ndatchulawa amayang'ana munthu amene wachita chinthucho mwadala, n'chifukwa chake funso la Mayi a Tadala ndi lofunika kwambiri, ndipo simunaliyankhebe. Ngati akuitanani, pitani nokha kupolisi masana pamodzi ndi mboni, mufunse dzina ndi udindo wa amene akukufunaniyo. Mukamangidwa, gawo 42 la malamulo aakulu likuti mufikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48, belo ya kupolisi ndi yaulere, ndipo a Legal Aid Bureau amathandiza anthu amene sangakwanitse kulipira loya.

Mboni ya 1992

Mwana wanga wa zamalamulo, magawo amenewo uwasunge ukalembere mayeso. Dziko lino linapulumutsidwa ndi anthu amene sanafunse gawo. Pa chisankho cha pa 21 Meyi 2019 tonse tinaona mapepala a zotsatira atapakidwa Tippex, ndipo zithunzi zake zinayenda m'mafoni omwewa amene mukufuna kuwatseka pakamwa. Oweruza asanu anafafaniza chisankhocho pa 3 Febuluwale 2020, tinakavotanso pa 23 Juni, ndipo mlandu wonsewo tinkaumvera pa wailesi, ena m'Chingerezi ena m'Chichewa, mpaka ogulitsa makala anadziwa tanthauzo la fomu ya zotsatira. Chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 chisanachitike tinakangananso miyezi yambiri za makina a Smartmatic, ndipo ine ndinanena m'gulu lomwe lino kuti makina alibe chipani, amene ali ndi chipani ndi munthu wowagwira. Ena munanditukwana nthawi imeneyo, ndipo mayina anu ndikuwakumbukira.

Nangozo wa ku Leeds

Akuluakulu, nkhani iliyonse imene yaponyedwa m'gulu lino mumaifikitsa ku 1992. Mwezi watha mayi wina anafunsa za mankhwala a chitopa cha nkhuku ndipo munamuyankha za riferendamu. N'zosavuta kuuza munthu kuti alimbe mtima pamene amene akagone m'chitokosi si inu.

Mboni ya 1992

Mayi, inu muli ku Leeds kumene milatho siikokoloka, ndiye musatiphunzitse za chitokosi. Ine ndinagonamo masiku khumi ndi limodzi, ndipo nsabwe zake ndikuzidziwa. Ana a m'mudzi wa bambowa akuwoloka mtsinje ndi mayunifolomu pamutu, ndipo inu mukuteteza foni ya mlamu.

Mlaliki wa M'basi

Abale, lilime ndi limene latifikitsa pamenepa, ndipo foni yangolipatsa miyendo. Kale miseche inkathera pachitsime dzuwa likamalowa, koma lero imakwera minibasi mpaka ku Lilongwe. Bambo, musale kudya masiku atatu, ndipo mukapepese kwa khansalayo ngakhale musanalakwe.

Mayi a Tadala

Bambo ofunsa, ndikubwerezanso chifukwa ndikuona kuti funso langa lakwiririka. Munthu amene anakuimbiraniyo anakuuzani kuti mupite ku polisi iti? Kodi anatchulapo za ndalama?

Membala wobisa dzina

Mayi a Tadala, pepani, ndimayesa ndinanena kale. Sanatchule polisi iliyonse, ndipo anaimba pa nambala wamba ya m'manja. Anati galimoto yobwera kudzanditenga ilibe mafuta, koma ndikatumiza K80,000 akhoza kutseka fayilo osabwera. Ndinatumiza K40,000 usiku womwewo, ndalama imene kasitomala anandipatsa kuti ndigulire nsalu ya madiresi a kwaya, ndipo yotsalayo anati nditumize lero isanakwane 5 koloko madzulo. Dzina limene linatuluka potumiza linali la mzimayi, koma anandifotokozera kuti ndi la mkazi wake.

Amayi a Geni ya Tomato

Mayo ine, ndi anthu omwe aja! Musatumizenso ngakhale tambala imodzi. Imbirani kampani yanu ya foni pompano muwapatse nambala ya chiphaso cha kutumizako, mwina ndalamazo sizinatapidwe, kenako mukanene kupolisi yeniyeni.

Wokonza Mafoni ku Limbe

Nambala ya admin imaoneka kwa aliyense amene ali m'gulu, ndipo ngati munagawapo linki yolowera, wakubayo akhoza kukhala kuti ali momwemo akuwerenga zonse. Fufuzani manambala amene simukuwadziwa, muwachotse, ndipo linkiyo muisinthe.

Wophunzira Malamulo

Zimenezo zikumveka, koma bambowa akapita kukadandaula za K40,000, apolisi enieniwo adzafuna kumva uthenga umene unayambitsa zonsezi. Ndiye ndikufunsanso kachitatu m'malo mwa Mayi a Tadala: mawu amene ali mu uthengawo ndi a ndani?

Membala wobisa dzina

Nkhani imeneyo ndi yaitali pang'ono, chifukwa tsiku limenelo tinali pa chinkhoswe ndipo anthu ambiri amayankhula, komanso sindinadziwe kuti msuweni wanga watsegula foni. Ndibweranso ndikatchajitsa, batire latsala pang'ono kutha.

Mboni ya 1992

Ngati mawuwo ndi anu, bambo, ndiye kuti ndinu mwamuna weniweni, ndipo ndikupemphabe kuti munditumizire uthengawo, chifukwa ndili ndi magulu asanu ndi awiri amene akufunika kuumva.