Batire ikutha msanga: ndi kuzizira kapena matayala?

Abale anga, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi galimoto yoyendera magetsi, Nissan Leaf yakale yochokera ku Japan, ndipo chiyambireni June kuno ku Mzuzu batire ikutha msanga kusiyana ndi nthawi yotentha. Zoti kuzizira kumafooketsa batire ndikudziwa. Hita nayonso imadya moto wa batire yomweyo, poti mulibe injini yoti itenthetse m'kati, koma m'mawa kukachita chifunga sindingachitire mwina, galasi limachita nthunzi mpaka osaona kutsogolo.

Chikundisowetsa mtendere ndi matayala. Inabwera ndi aja oyendera pa chipale chofewa, labala yake yofewa, yodzaza timizere ting'onoting'ono. Kodi amenewa sakundidyera makilomita pachabe? Kupita ku Nkhata Bay n'kotsetsereka, batire imabwezeredwako moto, koma pobwerera chitunda chija mtima umakhala m'mwamba.

Inu amene munasinthapo n'kuika matayala aja amati ndi osadya mphamvu, kusiyana kunaoneka? Nanga mvula ikayamba amagwira bwino phula lonyowa, makamaka m'makona a ku Chikangawa? M'maenjemu amapirira? Ndiuzeninso mpweya umene mumapopa kukazizira chonchi, poti wangawu ukumatsika wokha.