Zipangizo zopindika pa chombo chopita ku Duna

Wa ku Mbare:
Abale, ndithandizeni nzeru. M'masewera a pakompyuta a Kerbal Space Program ndikumanga chombo cha m'mlengalenga chopita ku pulaneti la Duna, ndipo ndikufuna chilichonse chotulukira kunja, ma solar panel, miyendo ndi antenna, chizibwerera m'malo mwake chombo chisanalowe mumpweya. Inu mumatani?

Wa ku Highfield:
Achimwene, yambani ndi ma panel. A OX-4L mukawatambasula basi, sabwereranso, ndipo mpweya umawathyola ngati mapesi ouma. Tengani a SP-L, amene ali ndi kabokosi kawo. Amalemerako pang'ono koma amapindika bwinobwino. Kenako muwaike pamodzi ndi antenna pa action group imodzi, mwina batani la 1, kuti mukangodina zonse zilowe nthawi imodzi. Miyendo ili kale pa batani la G. Ine ndimasewera usiku magetsi akabwera, ndiye ndilibe nthawi yodina chimodzichimodzi.

Wa ku Mufakose:
Ngati muli ndi Breaking Ground ya 2019, gawo lowonjezera la masewerawa, ikani ma hinge ndi ma piston. Chombo changa chili ndi injini ziwiri zimene zimabisala m'mbali, zimatuluka pokhapokha ndikamatera. Koma musaiwale kuloka hinge musananyamuke, apo ayi chombo chimagwedezeka zoopsa.

Wa ku Mbare:
Zikomo akuluakulu, za kulokazo ndazigwira. Chimene ndimalakalaka kwambiri ndi mapiko olowa okha chombo chikatuluka mumpweya. Alipo amene anakwanitsa ndi KAL-1000, kachipangizo kolamulira ma hinge ndi ma piston?