Funso: PhD ya zaumulungu ndikugwira ntchito kuno ku Salima, zingatheke?

Akuluakulu a pagulu pano, ndigawireni nzeru. Ndine Mkatolika wamba, si wansembe ayi, ndimaphunzitsa Bible Knowledge pa sekondale ina kuno ku Salima. Masters ya zaumulungu ndinamaliza kale, tsopano mtima uli pa PhD. Koma ntchito sindingasiye. Ana atatu ali pasukulu, ndipo mayi akunyumba anandiuziratu kuti mabuku sapita mumphika.

Ndikufuna kufufuza za miphakati ya m'mbali mwa nyanja. Miphakati inazika mizu mu dayosizi ya Lilongwe nthawi ya Ambuye Patrick Kalilombe, pa sinodi ya 1973 mpaka 1975, ndipo imayenda bwino pamene anthu akhazikika mudzi umodzi. Nanga msodzi wa ku Senga Bay? Usiku ali panyanja ndi nyali kusaka usipa, masana ali mtulo, nsomba zikathawa nayenso wasamukira doko lina. Kwathu tikakumana pansi pa mtengo wa mango, pamkeka pamadzaza amayi, abambo awiri basi, winayo ndine. Zimenezi zimandisowetsa tulo.

Ndiye pali sukulu imene ndingaphunzire ndili kunyumba, pang'onopang'ono? Nanga Mpingo udzaizindikira digiriyo?

Mayankho

Wansembe wina: Aphunzitsi, yambani mwadzifunsa kumene mukufuna kukagwiritsa ntchito pepalalo. Madigiri a Mpingo ali ndi makwerero akeake: STB (digiri yoyamba), kenako STL (yofanana ndi masters), pomaliza STD (udokotala wa Mpingo). Simungalumphire STD opanda STL, ndipo masters ya ku yunivesite wamba siilowa yokha m'malo mwake. Fakote imayamba yaona zimene munaphunzira, mwina n'kukuuzani kuti mubwerere pa filosofi. Malamulo ake ali mu chikalata cha Papa Francis cha 2017 chotchedwa Veritatis Gaudium. Mu 2021 Roma inaloleza kuti gawo lina la maphunzirowa lizichitika pa intaneti, koma gawo chabe, osati zonse. Ngati maloto anu ndi kukaphunzitsa zaumulungu kuseminale ya St Peter's ku Zomba, malamulo a Mpingo amafuna STL kapena STD yozindikiridwa ndi Roma. Pafupi ndi ife funsani ku CUEA, yunivesite ya Katolika ya ku Nairobi. Koma ngati mukufuna kuphunzitsa pa yunivesite wamba, PhD ikukwanirani.

Mayi wa ku Nkhotakota: Ine ndinadutsamo, achimwene, ngakhale yanga sinali ya zaumulungu. UNISA, yunivesite ya ku South Africa, ndiyo yodziwika pa zophunzira uli kwanu, kungoti si ya Katolika.  Chimene chinandiliza ine si mabuku ayi, koma ndalama zakunja. Kwacha uli nayo m'manja, koma kudikira kubanki masabata, tsiku lolipira fizi likukuyang'ana. China, musasankhe sukulu musanapeze supavaiza. Werengani zimene analemba, mulembereni tsamba limodzi la mutu wanuwo, muone ngati ayankha. Wosayankha lero sadzayankhanso mukadzamutumizira chaputala chachitatu. Gulaninso kasola. Ndinalembapo chaputala ndi tochi ya foni ili mukapu, udzudzu ukundiimbira kwaya.

Mnyamata wina: Koma madala, PhD ya usipa? 😂

Wopuma pa ntchito: Iwe mwana, khala chete akulu akamayankhula. Aphunzitsi, mukuyang'aniranji kutali? Ku University of Malawi ku Zomba ndi ku Mzuzu University kuli madipatimenti a Theology and Religious Studies. Fizi ndi ya makwacha, ndipo anthu amene mukufuna kucheza nawo ali pakhomo panu pomwepo. PhD yambiri ndi kufufuza ndi kulemba, si kukhala m'kalasi. Pa holide mukwera basi kukaonana ndi supavaiza. Mukasankha yakunja, yambani mwafunsa a NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba m'dziko muno, ngati amaizindikira.

Wofunsa: Zikomo nonse. Bambo mfumu, mwanditsegula maso, ine ndimangoti udokotala ndi umodzi. Kuseminale sindikulingako kwenikweni, ndikufuna zimene ndipeze zikathandize makatekisiti a kunyanja kuno. Ndiye ndiyamba ndi Zomba ndi Mzuzu. Funso lina: poti ndizikafunsa akhristu m'miphakati ndi kuona mabuku a ubatizo a kuparishi, kalata yachilolezo ndikapemphe kwa bambo mfumu a parishi yathu, kapena mpaka kwa Ambuye Episkopi ku Maula?