Apongozi anga sakusamalidwa bwino, ndikadandaule kuti?

Abale muli ku England, makamaka inu ogwira ntchito ya care, ndigawireniko nzeru. Apongozi anga, a zaka 81, amakhala m'fulati yawoyawo mu extra care housing (nyumba za okalamba zomwe zimakhala ndi osamalira), osamalira amabwera m'mawa ndi madzulo. Loweruka ndinawapeza masana akadali ndi zovala zogonera, mapiritsi am'mawa ali chikhalire m'kabokosi, koma m'buku atalemba kuti amwa. Kuchedwa kuwasambitsa ndingapirire, koma bodza la mankhwalali landiwawa. Manijala akungoti antchito achepa. Ndikudziwa kuti CQC, bungwe loyang'anira ntchito za care ku England, imayendera chisamaliro, osati nyumbayo, ndipo siiweruza dandaulo la munthu mmodzi. Ndiye ndiyambire ku safeguarding ya khonsolo (nthambi yoteteza anthu ku nkhanza ndi kusasamalidwa), kapena ndilembe kaye kalata kukampani ya osamalirawo ndisanapite kwa Ombudsman, ofesi yoima payokha yofufuza madandaulo? Mayiwo akuopa kuti ndikalankhula, atsikanawo adzawada.