Puloti ya ku Njewa, ndigule kapena ndidikire?

Nabanda: Abale, ndithandizeni nzeru. Lendi ya ku Kawale yandikwana. Bambo wina akundigulitsa puloti ku Njewa, chapatali pang'ono ndi msewu wa ku Mchinji, pamtengo wabwino zedi. Akuti kalata ya amfumu ilipo.

A Phiri: Gulani mayi, musachedwe. Amene anagula ku Chinsapo kalekale tinkawaseka kuti akukakhala kutchire, lero akutolera lendi. Tauni ikulowera komweko.

A Mbewe: Dikirani kaye. Bambo ameneyo ndi ndani pamudzipo? Kwa Achewa munda ndi wa mbumba. Ngati ali mkamwini, malowo ndi a kuchikazi, iye alibe nawo mphamvu. Ine zinandionekera: ndinalipira, ndinaumba njerwa, kenaka kunatulukira amalume a mkazi wa wogulitsayo kuti mundawo ndi wa adzukulu awo. Njerwazo zinatsala komweko.

Nabanda: Kalata ya amfumu inalibe ntchito?

A Mbewe: Inalipo, ya chidindo. Koma kalata ija si taitolo, mayi. Lamulo la malo a mafumu la 2016 limati malo otere azilembetsedwa kudzera ku komiti ya malo ya m'mudzi. Akuonetseni zimenezo. Komanso mwini mbumba ndi oyandikana nawo malire akhalepo popereka ndalama.

Nangozo: Achemwali, muwerengerenso thiransipoti. Kabaza kukafika pamsewu, minibasi mpaka kudepoti, m'mawa ndi madzulo. Dzinja likafika matope ake mudzayamba kuyenda ndi mapeyala awiri a nsapato. Madzi ndi a pamjigo ngati mipope sinafike.

A Phiri: Mipope imatsatira anthu.

Nangozo: Imatsatira, koma mochedwa. Ndiye dziwaninso kuti kumeneko ndi kumudzi, osati Area 47 komwe munthu amangotseka geti. Maliro akagwa mumapita, ufa mumasonkha, apo ayi tsiku lanu likadzafika adzakuyang'anani. Gule akamadutsa mumapatuka. Ine ndinazolowera, ndipo ana anga amasewera pabwalo mosaopa galimoto. Nkhuku ndikuweta, chimanga ndikulima kuseri.

A Mbewe: Muonenso ngati puloti siili pafupi ndi manda kapena m'dambo. Muyendepo mvula itagwa, osati mu Okutobala.

Nabanda: Bambo ogulitsa aja ndawaimbira. Akuti kwawo ndi ku Dedza, kuno anadzakwatira.

A Phiri: Aaa, apo ndiye nanenso ndabweza mawu.

Nabanda: Loweruka ndipita ndi achimwene tikaonane ndi mayiwo ndi amalume awo. Ndalama ndisiya kunyumba.