Kamera ya dzanja limodzi, alipo anayesapo?

Wa pa Santhe:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Santhe mpaka ku Chinkhoma. Chichitireni ngozi ya njinga yamoto, dzanja lamanja silikugwiranso, koma lamanzere lili bwinobwino. Kamera yanga ndi Canon 600D, ndipo chogwirira ndi batani zonse zili kumanja. Ndinayesa kuizondotsa n'kumadina ndi chala chachikulu, koma imalemera, zithunzi zimatuluka zogwedera. Pa perekaniperekani ndani angakudikire? Kuigulitsa ayi, ndiye munda wanga umenewu.

Wokonza mafoni, Kasungu boma:
Pepani achimwene. Kumanzere kwa kamerayo tsegulani kalabala, mupeza kabowo ka rimoti ka 2.5mm. Mawaya ake ndi atatu: ya fokasi (yochititsa chithunzi kuoneka bwino), yojambulira, ndi yachitatu yomwe ziwirizo zimakhudzako. Yojambulira ikangokhudza yachitatuyo, chithunzi chatheka. Ndiye kuti batani tikhoza kuliika paliponse. Azungu odumpha mundege ndi parachuti amachita kuluma kaswitchi kukamwa. Inuyo pitani kwa owotcherera akupindireni kachitsulo kooneka ngati L, chogwirira chikhale kumanzere, batani pamwamba pake. Koma chonde, bawuti ya pansi pa kamera ndi ya 1/4 inchi. Akakakamiza ya 6mm, mazinga atha.

Mayi a ku Nkhamenya:
Ine ndimayendera njinga ya olumala, ndimajambula ana asukulu. Zoluma zija zisiyeni, bambo, mudzalankhula bwanji ndi akwati? Chachikulu ndi kulemera. Lamba wa m'khosi akhale wamfupi, wokungika, kamera mukankhire kutsogolo, kasikirini kotembenuka kaja mukatulutse. Khosi ndiye dzanja lanu lachiwiri. Yanga imakhala pa paipi yomangidwa ndi kilampu. Owotcherera ankafuna kuwotcherera pa njinga penipeni, ndinawakanira, ikanapindika bwanji pokwera minibasi? Anthuwa ntchito amaidziwa, koma mukhale pomwepo, ayeze pa dzanja lanu, osati lawo.

Mnyamata wa ku Mtunthama:
Bwanji osangogwiritsa ntchito foni, madala? Batani la voliyumu la pa mahedifoni limajambula.

Wa pa Santhe:
Mphwanga, ukafika pa ukwati ndi foni, apongozi amati mwana wawo nayenso ali nayo, ndalama osatuluka. Amayi, za lambazo ndiyesa Loweruka lino pa chinkhoswe. Achimwene a ku boma, zumu, yokokera chithunzi pafupi ija, nanga? Dzanja lomwelo likhala pa chogwirira.

Wokonza mafoni, Kasungu boma:
Isiyeni pa 35mm, zumu ikhale miyendo yanu. Bwerani ndi kamerayo, waya ndili naye.